Dzino la M'thumba mwa a Chiumia

Ku Uraha mukafunsa kwa a Reginald Chiumia, anthu amayamba akuyang'anani kuchokera kumapazi mpaka kumutu, kenako n'kukufunsani kuti, "Mukunena otola mano aja?" Eya, omwewo. Munthu walima chinangwa zaka makumi anayi, walera mwana mpaka kukhala namwino, waimba besi m'kwaya ya mpingo mpaka mawu kusasa, koma dzina limene linawakanirira ndi la mano. Anthufe ndi mmene tilili.

Chimene ankafuna n'chachifupi kuchinena, ngakhale chinawatengera moyo wonse. Ankafuna kuti dzina lawo lilembedwe m'buku limodzi, pambali pa dzino limodzi, maso awo asanafe. Basi. Za njinga yamoto kapena malata atsopano analibe nazo ntchito.

Anabadwira ku Vinthukutu, ndipo sukulu anailekeza Sitandade 6 bambo awo atamwalira. Ali mnyamata anayesako usodzi ku Sangilo, koma nyanja inawakana. Bwato likangochoka, m'mimba mwawo munkatembenuka, anzawo n'kumawaseka kuti abwera kudzadyetsa nsomba m'malo mozigwira. Anabwerera kumtunda, anakwatira Fainess NyaKayira, n'kumanga nyumba kumapeto kwenikweni kwa mudzi, pafupi ndi zigwembe za dothi lotuwa kumene ngakhale chinangwa chimachita manyazi kumera. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, mtsikana, dzina lake Khumbize.

Chaka china, nyengo yachilimwe, kunabwera anthu ofufuza zinthu zakale, azungu ndi Amalawi omwe, atadzaza mahema, masefa ndi zigubu m'galimoto. Ankafuna onyamula katundu, ndipo a Chiumia analembedwa chifukwa chongoti nyumba yawo inali pafupi. Tsiku lachitatu, chigubu cha madzi chili paphewa, anaima n'kutola kanthu kakuda konyezimira pamalo pamene akatswiri anayi anali atangopondapo. Linali dzino la nkhumba yamtundu wina umene unatha padziko kalekale, lolemera ngati mwala chifukwa linali litasandukadi mwala. Kuyambira tsiku limenelo sananyamulenso chigubu. Ntchito yawo inakhala yoyenda chowerama.

Kuyenda m'zigwembe kuli ndi malamulo ake. Umalawirira dzuwa lisanakwere, n'kuliika kumbali kuti kanthu kalikonse kakhale ndi mthunzi wake. Suyang'ana miyala, umayang'ana chimene sichikufanana ndi miyala. Wokumba weniweni ndi mvula. Imakokolola dothi mu Januwale ndi Febuluwale, iwe n'kumabwera pambuyo pake kudzaona chimene yavundukula. Ukachita zengerezu, ng'ombe zipondapo, kapena mvula yomweyo ichikokolola. Zimene watola umazisunga mpaka eni kafukufuku atabwera mu Ogasiti.

Koma pamudzi nkhaniyi inamveka mwina. Munthu wamkulu, wa banja lake, kumazungulira yekha m'zigwembe n'kumatola mafupa? Akupita nawo kuti? Palibe anawalozapo chala n'kunena kuti ndi mfiti, ayi, anthu akwathu ndi aulemu. Kungoti ana analetsedwa kutola mango pabwalo pawo. Obwereka nkhwangwa anayamba kukabwereka kwina. Pamaliro, a Chiumia akakhala pabenchi, amuna anzawo ankawasiyira malo okwana anthu atatu. Ulemu wotere umawawa kuposa kutukwanidwa, ndipo iwo unkawawawadi.

Akazi awo okha ndiwo ankaziseka. "Mfiti yanji yoopa bwato?" ankatero NyaKayira, singano ili kumanja. Ankasoka timatumba ting'onoting'ono kuchokera ku zitenje zakutha, n'kuyalamo thonje la m'munda mwawo, kuti dzino lililonse ligone palokha. Timatumbato ankatiika m'chitini chakale cha mabisiketi, chitini pamwamba pa kabati. Ndipo chitinicho chinali ndi mlonda. Amuna awo akangotambasula dzanja kuti aonenso dzino limene atola dzulo, ankamva phwa padzanja.

"Siyani, a Chiumia. Mwatola, mwamaliza. Zotsalazo n'za eni ake."

Pa anthu onse amene ankabwera mu Ogasiti, panali mmodzi amene ankamutenga ngati mwana wawo. Ipyana Mwangonde, wa ku Kaporo kwawo, anafika ku Uraha koyamba ali mtsikana wa ku yunivesite, ndipo a Chiumia ndiwo anamuphunzitsa kuyenda chowerama. Sabata yoyamba ankawabweretsera timiyala ndi ndowe zouma za mbuzi, nkhope ili ngwee kuti wapeza chinthu. Anapita kunja, anakhalako zaka zisanu ndi zitatu, n'kubwerako ali Dokotala Mwangonde. Koma kwa iwo ankapindabe bondo popereka moni, n'kumawatchula Adada.

Anabwerako ndi bokosi lakuda limene sankalola munthu wina kulinyamula. M'kati mwake munali maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, koma awa sanali ongoonera chabe. Ankawalitsa kuwala pamwamba pa chinthu n'kuyeza kadontho ndi kadontho kuti pano pakwera bwanji, apa pazama bwanji, kenako kompyuta n'kujambula zonsezo ngati mapu a mapiri ndi zigwa. Ipyana anawaika patebulo m'chipinda china chimene anapatsidwa ku boma, n'kutumiza uthenga kuti Adada Chiumia akwere minibasi adzaone.

Anayamba ndi supuni ya tiyi.

"Ndi yosalala, eti Adada?"

"Yosalala see."

Pa kompyuta panaoneka munda wolimidwa mizere, wokhala ndi maenje ndi zibuma zomwe. A Chiumia anayang'ana supuni, anayang'ana kompyuta, n'kupukusa mutu. Kenako Ipyana anaikapo kachidutswa ka chitsulo cha mjigo umene unkangodya mphira zake mwezi ndi mwezi. Ndi maso chinkaoneka bwinobwino, koma pa makina chinali ndi mano ngati sowo, ndipo amisiri anali atapeza chifukwa chake mphira sizinkakhalitsa. Anawaonetsanso dzino lochita kupanga la kuchipatala, limene ankaliyeza kuti adziwe ngati silidzakanda anzake m'kamwa mwa munthu. Pomaliza anatulutsa dzino la mphalapala ya kalekale, limene a Chiumia omwewo anatola zaka zitatu m'mbuyomo.

Dzinolo sanalitsuke ndi china chilichonse koma kathonje konyowetsa ndi sipiliti, mofatsa ngati akupukuta diso la khanda. Kenako analipaka phala labuluu, lija amagwiritsa ntchito madokotala a mano, ndipo litauma analisenda. Phalalo linatenga kakanda kalikonse ka padzinopo, ndipo chikombole chimenecho ndicho chinapita pansi pa makina.

"Nyama ikamadya udzu, mchenga wa mu udzuwo umakanda timizere ngati iti," anatero Ipyana, akuloza ndi pensulo. "Ikamadya nthanga zolimba, pamakhala timaenje. Ndipo sizikhalitsa, Adada, chifukwa zatsopano zimalemba pamwamba pa zakale. Ndiye zimene mukuonazi n'chakudya cha masabata ake omaliza. Inafa zaka mamiliyoni awiri zapitazo, koma tikudziwa kuti inafa ikudya udzu."

A Chiumia anangoti kukamwa yasa. Zaka zonsezi ankaganiza kuti akutola mano, kani ankatola makalata. Ndipo lamulo limene NyaKayira ankalisunga ndi dzanja, tsopano analimvetsa ndi mutu: pamwamba pamene nyama inkatafunira, chala chisakhudzepo. Osatsuka, osapukuta, osaika pamodzi ndi china chilichonse. Atabwerera ku Uraha anakhala mlaliki wa lamulo limeneli, ndipo otola anzawo ankadandaula kuti mdalayu wafika povuta.

Tsiku lomwelo Ipyana anawauzanso zina. Anati akulemba buku la zimene nyama za ku Uraha zinkadya, ndipo dzino lililonse limene liyezedwe pa makinawo lidzalowamo ndi dzina la amene analitola. Buku limodzi adzalisiya pasukulu ya pamudzi pawo. Mano akale aja, ngakhale la mphalapala lija, analowa m'madilowa ndi manambala okha, ndipo mapepala sankanena kuti ili anatola ndani, choncho ankawerengera atsopano okha.

"Za mphalapala ndi nkhumba ndili nazo zambiri," anatero. "Chimene ndikusowa ndi dzino la nyani wamkulu wa nthawi imeneyo, losasweka. Likapezeka, lidzatiuza ngati kuno kunali nkhalango kapena dambo. Mundipezere, Adada."

M'minibasi pobwerera, a Chiumia ankaliona kale bukulo. Ankaona mphunzitsi akulitsegula pamaso pa amuna a pabenchi aja, chala chili pa dzina. Mafupa ankapita kuti? Ankapita umu. Analakalaka tsiku limenelo ngati mmene munthu amalakalakira mvula mu Novembala.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chomwecho diso lawo lamanzere linayamba kuchita ng'ala, ndipo lamanja nalonso linayamba kuona ngati kunja kuli utsi. Nyengo ziwiri za mvula zinadutsa osatola kanthu kooneka. Golden, wotola mnzawo amene anayamba ntchitoyi dzulodzuloli, dzina lake linalembedwa kawiri pa mano olowa m'buku lija. A Chiumia anamugwira chanza n'kumuyamikira, koma kunyumba sanadye.

Kenako, Lachiwiri lina mu Okutobala, NyaKayira akusenda chinangwa pakhonde, anangoti mutu ukuwawa, n'kugona chammbali. Pofika kuchipatala anali atapita kale.

Khumbize anabwera kuchokera ku Zomba kumene ankagwira ntchito, anakhala masabata awiri, n'kuwachonderera bambo ake kuti apitire limodzi. Iwo anakana. Anati dzino la nyani silingawatsatire ku Zomba. Mwanayo ataona kuti sangawagonjetse, anapita kugolosale n'kugula loko. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi nyumba imeneyo inali isanakhomedwepo, chifukwa NyaKayira sankapita kutali. Tsopano a Chiumia anayamba kuyenda ndi kiyi m'thumba lamanja la jekete.

Anthu a maliro atabalalika, pakhomo panangoti zii. Amayi amene ankabwera kudzacheza ndi NyaKayira analibenso chobwerera. A Chiumia anazindikira kuti anthu onse amene ankaponda pabwalo pawo zaka zonsezi ankadzera akazi awo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadzera iwo. Ankatha masiku atatu osatsegula pakamwa kupatula poitana nkhuku. Ankaphika mbali imodzi ya poto. Anali osungulumwa, ndipo palibe mawu ena okometsera zimenezi.

M'zigwembe ankapitabe, tsopano mochita kukwawa, mutu utapendekeka ngati nkhuku kuti diso lamanja ligwire ntchito. Mu Febuluwale kunagwa mvula ya masiku atatu osakata. Itakata, anatsikira m'chigwembe china chimene anali atayendamo kosawerengeka, ndipo pamene khoma linagumuka anaona kanthu kofiirira katatulukira theka. Anagwada m'matope. Linali dzino lam'mbali, lalikulu ngati nsonga ya chala chachikulu, la timitu tinayi, losasweka ngakhale pang'ono. Anali ataona zithunzi zake kokwanira. Linali la nyani.

Analigwira ku mizu, monga mwa lamulo, n'kuliika m'kathumba komaliza kamene NyaKayira anasoka. Anaunjika miyala pamalopo kuti padziwike. Pobwerera ankayenda ngati mnyamata, ndipo anafika pakhomo pakamwa patatseguka kale kuti aitane akazi awo adzaone. Anakumana ndi loko.

Madzulo ake anamuimbira foni Ipyana, amene anali kunja mpaka Ogasiti. Mtsikanayo anasangalala mpaka mawu kumadukaduka.

"Yewo chomene, Adada. Bwanji mulipereke ku ofesi ku boma kuti alisunge?"

"Ayi, mwana wanga. Chinthu chikadutsa m'manja ambiri, dzina limagwera panjira. Ndilisunga ndekha."

"Chabwino. Inuyo ndiye sindingakuphunzitseni kasungidwe."

Kathumba kanalowa m'chitini, chitini pamwamba pa kabati, ndipo kanakhala mmenemo masabata awiri athunthu. Lamlungu lina atabwera kutchalitchi, a Chiumia anakhala pampando n'kumayang'ana chitinicho. Anatambasula dzanja. Anadikira pang'ono, ngati kuti phwa uja amveka. Sanamveke. Anatsitsa chitini, anamasula kathumba, n'kuliyang'ana dzinolo pafupi ndi zenera. Sanalikhudze pamwamba tsiku limenelo. Anangolifunsa kuti, "Kodi iwenso unafa wekha m'chigwembe muja, kapena anzako analipo?"

Mu Malichi kunagwa maliro kutsidya kwa mudzi. Potuluka anaganiza za akuba, ngakhale kuti wakuba woba dzino la nyani sanabadwe, n'kuika kathumba m'thumba la jekete. Kumaliroko anakhala pabenchi, ndipo monga mwa masiku onse, malo a anthu atatu anatseguka kumanzere ndi kumanja. Dzanja lawo linalowa m'thumba lokha. Linapeza kathumba kaja n'kukafumbata, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire NyaKayira, benchi silinaoneke lalitali kwambiri.

Atabwerera kunyumba sanakabwezere m'chitini. Mawa lake anapita nako kumunda. Patapita masiku, kachingwe ka kathumbako kanamasuka, dzino n'kutulukira m'thumba. Chala chawo chachikulu chinapeza kadzenje ka pakati pa timitu tinayi tija, ndipo chinakwanamo ndendende, ngati kuti nyaniyo anachita kuwayeza. Ankadziuza kuti akugwira m'mbali mokha. Munthu akafuna kudzinamiza safuna mboni.

Musandifunse kuti munthu wodziwa lamulo, wolalikira lamulo, angatero bwanji. Inu amene mukufunsa, munakhalapo miyezi isanu dzanja lanu lisanakhale m'dzanja la munthu wina kupitirira moni? Dzinolo linkatentha ndi thupi lawo. Linkakhala nawo pamzere wa kuchigayo, m'tchalitchi nthawi ya ulaliki, m'munda zala zili ndi dothi, pakhonde pamene akazi awo anagwera. Chala chinkangozungulira, kuzungulira, iwo osadziwa n'komwe. Akuluakulu amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma sananene kuti palibe chimene chingawononge. Ndipo m'thumba lomwelo munkakhala kiyi wa loko uja.

Ogasiti atafika, uthenga unabwera kuti Dokotala ali ku boma ndi bokosi lake. A Chiumia anachapa malaya, anapukuta nsapato, n'kutulutsa dzino kuti alibwezere m'kathumba. Pa kuwala kwa m'mawa anaona kuti likunyezimira kuposa tsiku limene analitola. Mtima unagunda kamodzi mwamphamvu. Anadziuza kuti ndi maso awowa, n'kumanga kachingwe mfundo ziwiri monga ankamangira NyaKayira.

Ipyana anawalandira pakhomo, anapinda bondo, n'kuwapepesa za maliro ndi misozi m'maso. Anawapatsa mpando ndi tiyi. Kenako anavala magolovesi, anamasula kathumba, n'kugubuduzira dzinolo pa thonje. Analiyang'anitsitsa.

"Adada, pamene munalitola linali lonyezimira chonchi?"

"Maso angawa, mwana wanga. Sindingadziwe."

Ipyana anayamba ntchito. Analipukuta ndi sipiliti, analipaka phala labuluu, anadikira kuti liume, analisenda, n'kuika chikombole pansi pa makina. Kuwala kunayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndipo mapu anayamba kutuluka pa kompyuta mzere ndi mzere. Ipyana anawakulitsa kuti diso lamanja lija lione. A Chiumia anakokera mpando mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

Anali ataona mapu otere okwanira kuti awerenge okha. Timaenje panalibe. Timizere topingasana ta chakudya panalibe. Timapiri tonse tinali titaphwa, ndipo pamwamba pake panali timizere topyapyala tambirimbiri, tonse tokhotera mbali imodzi ngati bwalo losesedwa m'mawa. Pakati pake panadutsa mikwasa inayi yakuya, ya m'mphepete mwakuthwa.

"Izi si za chakudya," anatero Ipyana motsitsa mawu. "Ndi zatsopano. Timizere titi ndi mchenga wopakidwa ndi chinthu chofewa, kobwerezabwereza. Yakuyayi ndi ya chitsulo."

A Chiumia analowetsa dzanja m'thumba, anatulutsa kiyi, n'kumuika patebulo. Kenako anaika dzanja lawo pambali pa kiyiyo, chala chachikulu chili m'mwamba. Chinali chala cha mlimi, chong'aluka, dothi lotuwa la ku Uraha litakhazikika m'ming'alu. Ipyana anayang'ana kiyi, anayang'ana chala, ndipo sanafunikire kuuzidwa.

Anayesabe. Anasuntha chikombole n'kuyeza kamutu kachiwiri, kachitatu, kachinayi, mpaka tiyi wa a Chiumia anazizira asanamulawe. Paliponse linali bwalo losesedwa lomwe lija. Madzi akatayika saoleka.

"Nanga nyaniyo anadya chiyani?" anafunsa a Chiumia.

"Sitidzadziwa, Adada."

A Chiumia anamva manyazi otentha kuchokera m'khosi mpaka m'makutu. Kalata inakhala m'dothi zaka mamiliyoni awiri, inapulumuka mvula, inapulumuka ziboda za ng'ombe, n'kudzafufutika m'thumba mwa munthu amene ankakalipira anzake kuti asakhudze. Akanakonda Ipyana akanawakalipira. Koma mtsikanayo anavula magolovesi n'kungokhala pansi, ndipo zimenezo n'zimene zinawapweteka kwambiri.

"Ndikanabwera msanga," anatero.

"Ayi, iwe sunalakwe. Amene ankandimenya padzanja ndi amene kulibe."

Panja galimoto inadutsa ikuimba hutala. Ipyana anatenga kakhadi n'kuyamba kulemba nambala, malo ndi tsiku.

"Dzinoli lisungidwa, chifukwa likusonyezabe kuti nyani ameneyu kuno analiko. Koma m'buku lija silingalowe, Adada, poti mulowa oyezedwa okha. Ndikanama pamenepa, buku lonse likhala labodza." Anaika kakhadi pambali. "Kumapeto kuli tsamba lothokoza. Dzina lanu ndingaliike pamenepo."

"Pamodzi ndi adalaivala ndi ophika?"

"Eya."

A Chiumia anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. Anaona amuna a pabenchi akutsegula bukulo, akupeza dzina la Golden kawiri pambali pa zithunzi, n'kulitseka asanafike kumapeto. Anadabwa kuona kuti zimenezi sizikuwawawa monga ankayembekezera. Maso awo sanali pa kakhadi. Anali pa dzino, limene linali pa thonje patali ndi dzanja lawo.

"Mwana wanga," anatero, "poti lawonongeka kale, ndipo silikuthandizanso pa makina, sindingabwerere nalo?"

Ipyana anatseka maso kanthawi. "Adada, mukudziwa. Ndi chuma cha dziko. Lamulo silindilola."

"Ndikudziwa. Ndimangofunsa."

Anaona mtsikanayo akuliika m'kabotolo kapulasitiki, kabotolo m'dilowa, dilowa n'kutsekedwa. Kathumba kachitenje anawabwezera, atakapinda bwinobwino, ndipo anakalandira ndi manja awiri, n'kutola kiyi uja kumubwezera m'thumba. Ipyana anawaperekeza mpaka pa siteji, akuwauza kuti ng'ala imachotsedwa, kuti alankhula ndi Khumbize, kuti chaka chamawa mvula idzavundukula ena. Iwo ankangovomera kuti yewo, yewo.

M'minibasi anapanikizana anthu anayi pampando wa atatu, ndipo mayi wina wosawadziwa anagona tulo mutu uli paphewa pawo kuchokera ku boma mpaka pamene ankatsikira. Sanasunthe mpang'ono pomwe, kuopa kumudzutsa. Atatsika anayenda wapansi kudutsa pamudzi. Anthu anawapatsa moni ali patali, monga mwa masiku onse, ndipo palibe anafunsa kumene achokera.

Dzuwa linali likadali pamutu pamene anafika pakhomo. Nkhuku zinathamangira kudzawachingamira. Analowetsa dzanja m'thumba kuti atenge kiyi, koma chala chachikulu chinayamba chapita pakona paja, n'kuzungulira kamodzi, kawiri, pansalu yopanda kanthu. Anaima pamenepo nthawi yaitali, dzanja lili m'thumba, loko akuwayang'ana.